Bomba limene linabweretsa agogo kumudzi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mumandiwerengabe ngakhale ndinkakupatsani zibalo zotchetcha udzu. Pepani ndinakhala chete masabata angapo, ndinakwiririka mu mulu wa mapepala a mayeso. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere.

Lachitatu lapitali ndinali ndi a Folomu 4, tikuphunzira za kutha kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndinalemba pabolodi monga ndimachitira chaka ndi chaka: pa 6 Ogasiti 1945 Amereka anaponya bomba la atomiki pa mzinda wa Hiroshima, pa 9 Ogasiti lina pa Nagasaki, pa 15 Ogasiti Japan anagonja. Chakacho chisanathe anthu pafupifupi 140,000 anali atafa ku Hiroshima, ena pafupifupi 70,000 ku Nagasaki. Ana anakopera. Kenaka mtsikana wina amene sayankhulayankhula anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, ndiye anachita bwino kapena anachimwa?"

Ndinamuyankha kuti funso limenelo silibwera pa MSCE. Kalasi inaseka, mtsikanayo anawerama. Ine ndinayenda njira yonse yopita kwathu kumunsi kwa phiri la Michiru ndili ndi manyazi, chifukwa ndinadziwa kuti funsolo ndalithawa. Ndipo ndinadziwanso chimene chandithawitsa.

Agogo anga aamuna, obereka mayi, anali msilikali wa King's African Rifles, a Keyala amene chikumbutso chawo mumachiona polowa mu Zomba. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, akumenyana ndi Ajapani nthawi ya mvula. Ankati malungo anagwetsa anzawo ambiri kuposa zipolopolo. Mu Ogasiti 1945 anali ku India, akukonzekera kubwerera kunkhondo, pamene mzungu wawo anawasonkhanitsa n'kuwauza kuti nkhondo yatha. Ndili mwana ankandiuza ali pakhonde kuti, "Iwe mdzukulu wanga, pakadapanda bomba lija, amako sakadabadwa." Mayi anabadwa agogo atabwerako. Tsono mwana wa sukulu akandifunsa ngati bombalo linali tchimo, mumtima mwanga mumayankhula agogo.

Usiku umenewo ndinatsegula mabuku anga. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati Japan anagonja chifukwa cha mabombawo pawokha, poti pa 8 Ogasiti dziko la Soviet Union nalo linalengeza nkhondo ndi Japan. Agogo zimenezo sanazimve. Iwo anangodziwa kuti akupita kwawo.

China chimene agogo sanadziwe n'chakuti bombalo linali ndi mizu muno mu Africa. Miyala yambiri ya yureniyamu imene Amereka anagwiritsa ntchito inachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, limene linali m'manja mwa Belgium. Anthu akuda ndi amene ankaikumba, osauzidwa kuti ikukapanga chiyani. Buku limene ndinaphunzirira ine kusekondale linatchula Truman, koma okumbawo silinawatchule.

Lachisanu ndinalowa m'kalasi ndi mapu a Blantyre ndi kampasi ya masamu. Ndinauza mnyamata wina kuti abaye pa msika wa Chilomoni, ajambule mzere wozungulira wa makilomita awiri, poti ku Hiroshima pafupifupi nyumba zonse za pamtunda wotere zinagwa kapena kupsa. Ndinati aliyense apeze kwawo. Kalasi inangoti zii. Wina anati, "Aphunzitsi, kwathu kuli m'kati." Ndinawafotokozera kuti ambiri amene anapulumuka moto anadzafa patapita masiku kapena zaka ndi poizoni wosaoneka wa bombalo, ena tsitsi likuthothoka, ena ndi khansa ya m'magazi. Ku Hiroshima tsiku limenelo ana a sukulu zikwi zingapo, a misinkhu ya Folomu 1, anali panja pa ntchito yogwetsa nyumba kuti moto usamafalikire. Ambiri mwa iwo sanabwerere kwawo.

Kenaka tinaona zimene zinatsatira. Soviet Union inaphulitsa lake mu 1949, Britain mu 1952, China mu 1964. France anayesera lake loyamba mu 1960 pa nthaka ya Africa, ku Reggane m'chipululu cha Algeria. Mu Okutobala 1962 Kennedy ndi Khrushchev anatsala pang'ono kuponyerana mabomba chifukwa cha mizinga ya ku Cuba. Pofika 1986 padziko panali mabomba pafupifupi 70,000, ndipo lero alipo pafupifupi 12,000. Buku limati mantha a bomba ndi amene analetsa mayiko akuluakulu kumenyana. N'zoona kuti sanamenyane maso ndi maso, koma nkhondo zawo anazitumiza kwa ena: ku Korea, ku Vietnam, ku Angola. Nkhondo ya ku Mozambique nayo inali ndi manja a akunja, ndipo inathamangitsira kuno anthu pafupifupi 1 miliyoni. Amene tinakula m'ma 1980 tikukumbukira misasa ya ku Nsanje, ku Mwanza ndi ku Dedza. Paja njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Ndiye mnyamata wina wa ku Karonga anafunsa za Kayelekera. Kampani ya ku Australia ya Paladin inatsegula mgodiwo mu 2009, n'kuuimitsa mu 2014 mitengo itagwa potsatira ngozi ya ku Fukushima ya 2011. Mu 2020 unagulidwa ndi Lotus Resources, ndipo mu 2025 unayambanso kugwira ntchito. Iye anati, "Ndiye ife tikupanga mabomba?" Apa aphunzitsi a Physics mundikonze ngati ndalakwitsa. Ndinamuuza kuti chimene chimachoka ku Kayelekera ndi ufa umene amautcha yellowcake, wogulitsidwa kuti ukapange magetsi. Mu yureniyamu wokumbidwa pansi, mtundu umene umaphulika, U-235, umangokhala 0.7 peresenti. Wa magetsi amauyenga kufika 3 mpaka 5 peresenti, wa bomba pafupifupi 90. Ulendo wake ndi wautali komanso wofuna makina amene kuno kulibe. Koma mwala wake ndi womwewo, n'chifukwa chake pamafunika mapangano ndi oyendera a bungwe la IAEA, ndipo nzika ili ndi ufulu wofunsa kumene mwala wake ukupita.

Ndinawauzanso nkhani imene ambiri sankaidziwa. Boma la tsankho la ku South Africa linapanga mabomba 6 mobisa, kenaka linawaphwasula, ndipo F. W. de Klerk anaulula zimenezi mu Marichi 1993. Ndi dziko lokhalo limene linadzipangira mabomba n'kuwataya lokha. Pangano loletsa zida za nyukiliya mu Africa, limene linasainidwa ku Cairo mu 1996, linatchedwa Pelindaba, dzina la malo amene ankachitirako kafukufukuyo. Linayamba kugwira ntchito mu 2009, chaka chomwe Kayelekera anatsegulidwa, ndipo Malawi alimo.

Belu litatsala pang'ono kulira ndinaitana mtsikana uja ndi kumupepesa pamaso pa anzake. Ndinawauza za agogo, chinthu chimene sindinachitepo pa zaka zonse ndagwira choko. Ndinati ine ndikuganiza kuti kuotcha mzinda wodzaza ana ndi kulakwa, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti mwina moyo wanga unadzera pamenepo. Mtsikanayo anafunsa ngati agogo akadavomereza. Ndinati ayi, akadandiponyera ndodo.

Aphunzitsi anzanga, silabasi imatithamangitsa, ndikudziwa. Koma ndakhala ndikulemba 140,000 pabolodi kwa zaka zambiri ngati nambala ya foni, ana n'kumakhoza mayeso. Chaka chamawa ndidzayamba ndi mapu ndi kampasi. Inu ana anga akale amene ndinakuuzaninso kuti funso lanu silibwera pa mayeso, mukandipeza pa siteji ya minibasi mundifunsenso.

Mapepala a Folomu 2 akundidikira.