Mayina amene amatayika pokonza tchipi

Achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ku Dzaleka m'boma la Dowa, m'malo ngati TakenoLAB, akadzafika pokonza tchipi, kachipangizo kamene kamawerengetsera zonse mkati mwa foni ndi kompyuta, adzakumana ndi vuto limene silikambidwa kawirikawiri. Chisel, chinenero chofotokozera kapangidwe ka tchipi chimene chinayambira ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 2012, chimalola wolemba kumanga mawaya angapo mtolo umodzi wokhala ndi dzina, ndiponso kutchula magawo amene makina amadutsamo, monga "kudikira" kapena "kutumiza". Koma kompaila, pulogalamu yosandutsa zolembazo kukhala chinenero cha Verilog podzera mu chinenero china chotchedwa FIRRTL, imamasula mtolowo n'kusiya mawaya okhaokha a mayina ngati io_in_valid, pamene "kudikira" amasanduka 0 ndipo "kutumiza" amasanduka 1.

Tchipi chimagwirabe ntchito bwinobwino, pakuti magetsi safuna mayina. Wovutika ndi munthu wofufuza cholakwika pa pulogalamu yowonetsera ya GTKWave, amene amaona manambala okhaokha, ngati wogula pa msika wa Mponela amene wauzidwa kulemera kwa matumba osauzidwa kuti muli soya kapena mtedza. Pofuna kuthetsa vutoli, ntchito yotchedwa Tywaves, yochokera ku yunivesite ya TU Delft mu 2024, imasunga mayina ndi mitundu ya deta mpaka pa chowonetsera. Kompaila yotaya mitunduyo imawonongera wofufuza nthawi yambiri, choncho okonza makompaila ayenera kuisunga.