Ku Crieff, Nyumba ya Madzi ya m'Mapiri a Scotland

Tauni ya Crieff ili m'chigawo cha Perthshire ku Scotland, pamene minda ya m'zigwa imathera ndipo mapiri akumpoto amayambira. Ndi tauni yaing'ono yomangidwa pachitunda, misewu yake ndi yokwera, ndipo kumunsi kwake kumadutsa mtsinje wa Earn. M'zaka za m'ma 1700 kunali msika waukulu wa ng'ombe, abusa ankatsika nazo kumapiri mwezi wa Okutobala. Masiku ano alendo ambiri amapitako chifukwa cha chinyumba chamiyala chomwe chili pamwamba pa tauniyi, chotchedwa Crieff Hydro. Ndi hotela, koma imadziwika kwambiri ndi malo ake osambiramo ndi otikitirako minofu, omwe kuno amati spa.

Tinapitako amayi 6 a m'dipatimenti ya zaumoyo ya mpingo wathu ku Glasgow. Ambiri mwa ife timagwira ntchito yosamalira okalamba: mashifiti a maola 12, kudzutsa anthu, kuwatembenuza pabedi, kuwasambitsa, kenako kuthamangira basi mumdima. Msana ndi mapazi ndi zimene zimalipira ntchito imeneyi. Komabe nkhani ya ndalama inativuta. Aliyense wa ife ali ndi fizi ya mwana wa mchemwali, kapena feteleza wa amayi kumudzi, zomwe zimadikira malipiro ake. Ndalama yoti munthu angokhala m'madzi tsiku lonse inkaoneka ngati yobera abale. Tinagwirizana kuchita chipereganyu chaching'ono kwa miyezi inayi, n'kusankha Lolemba lina la mu Okutobala, kuti tikaone tokha ngati malo otere ali ndi phindu kwa munthu wotopa kapena ndi chibwana cha olemera chabe.

Kuchokera ku Glasgow ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo pagalimoto, kudzera ku Stirling ndi pakamudzi ka Muthill. Sitima yapamtunda sifika ku Crieff. Wopanda galimoto amatsikira ku Perth kapena ku Stirling n'kukwera basi. M'njira monse masamba anali atasanduka ofiira ndi achikasu, ndipo titatsika, mphepo inatilandira ngati ya ku Dedza mwezi wa Juni.

Nyumbayi inatsegulidwa mu 1868 ndi dokotala wina dzina lake Thomas Henry Meikle, ndipo mpaka lero ikuyendetsedwa ndi mbumba ya banja lomwelo. Nthawi imeneyo ku Ulaya kunali kutatchuka njira yochiza ndi madzi, imene inafalitsidwa ndi Vincenz Priessnitz, mlimi wa ku Gräfenberg, dera lomwe tsopano lili m'dziko la Czech Republic. Odwala ankawakulunga m'nsalu zonyowa, kuwasambitsa madzi ozizira, kuwayendetsa m'mapiri ndi kuwadyetsa chakudya chosalira zambiri. Ku Crieff anawonjezapo mwambo: mlendo wochedwa pa pemphero la chakudya ankalipira chindapusa cha kobiri imodzi, ndipo kwa zaka zoposa 100 m'nyumbamo simunkagulitsidwa mowa. Mbiri imeneyi sinali yachilendo m'makutu mwathu. Mpingo wathu unatsegula nyumba yake yoyamba yochizira ku Battle Creek, m'dziko la America, mu 1866, patatsala zaka ziwiri kuti ya ku Crieff itsegulidwe, ndipo kumenekonso madzi, mpweya wabwino, chakudya ndi kupuma ndizo zinali patsogolo.

Tisanalowe anatipatsa mafomu ofunsa za thanzi lathu: kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, shuga, mimba, opaleshoni yaposachedwa ndi mankhwala amene timamwa. Fomu imeneyi si yongosainira. Kutentha kumatanula mitsempha ya magazi, mtima umagunda mofulumira, ndipo munthu akadzuka mwachangu akhoza kuchita chizungulire n'kugwa. Wamkulu wa gulu lathu amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo anali atafunsiratu kwa dokotala wake. Iye anasankha dziwe lokha, nati, “Asisi, inu lowani m'ng'anjomo, ine ndikusungirani matawulo.”

Ng'anjo imene ankanenayo ndi sauna, kachipinda kamatabwa kotentha mouma. Zipinda zotere zimafika madigiri 80 kapena kuposa. Pafupi pake pali chipinda cha nthunzi, chomwe sichitentha chotero, nthawi zambiri madigiri 40 mpaka 45, koma chinyontho chake chimakuta munthu mwakuti mnzako wokhala naye moyang'anana sumuona bwino. Mmodzi wa ife anaseka, nati izi ndi zomwe agogo ankatichita tikagwidwa chimfine, kutifunditsa bulangeti pa mphika wa masamba a bulugamu. Tinkakhalamo mphindi 10, osapitirira 15, kutuluka, kusamba madzi ozizira, kumwa madzi, n'kukhala pansi mpaka mtima utabwerera m'malo. Madzi ozizirawo amadzidzimutsa ndipo kukuwa kumabwera kokha. Koma pakapita kamphindi thupi lonse limamva kupepuka, ngati watula mtolo wa nkhuni.

Dziwe la m'chigawo chimenechi ndi la akuluakulu okha, choncho muli bata. Awiri mwa ife sadziwa kusambira, ndipo anangoyenda m'madzi atagwira m'mbali. Ngakhale kuteroko n'kothandiza. Madzi akafika pachifuwa amanyamula gawo lalikulu la kulemera kwa thupi, ndipo maondo omwe amalira pamasitepe amapindika popanda ululu. Za kavalidwe, zomwe zinkatidetsa nkhawa, sizinavute. Zovala zosambira zotalika, zobisa thupi, zimapezeka m'masitolo, ndipo kunja kwa madzi aliyense amakhala atavala mkanjo wa tawulo.

Masana inali nthawi yotikita minofu. Polembetsa tinali titapempha kuti atithandize ndi amayi anzathu. Umagona chafufumimba atakufunditsa, ndipo amangovundukula pamene akugwirapo. Wotikita amafunsa ngati akukanikiza kwambiri, ndipo ndi bwino kuyankha zoona, chifukwa kupirira ululu pano sikupindulitsa. Manja ake atafika pakati pa mapewa anapeza mfundo zolimba zomwe tinkayenda nazo osadziwa. Tikutuluka, mmodzi wa ife maso anali atafiira. Anati kwa zaka zambiri manja ake akhala akusamalira matupi a anthu ena, ndipo aka kanali koyamba kuti wina asamalire lake. Palibe amene anamuyankha, chifukwa tonse tinkadziwa zimene ankanena.

Kutikita minofu kuli ndi malire ake. Kumachepetsa kuwawa kwa msana ndi kumasula minofu kwa masiku angapo, koma sikuchiza shuga, sikulowa m'malo mwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo sikuchotsa poizoni m'thupi; ntchito imeneyo ndi ya impso ndi chiwindi. Mwendo ukatupa mbali imodzi, n'kumatentha ndi kuwawa, usatikitidwe. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo wotero afunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa chakudya tinapempha chopanda nyama, ndipo chinalipo. Amene mudzayende ku Scotland kumbukirani kufunsa za supu ya mphodza kulikonse kumene mungadye, chifukwa anthu akuno amakonda kuiphikira mumsuzi wa nkhumba ngakhale nyamayo isakuoneka m'mbale.

Kuseri kwa hotelayi kuli phiri lotchedwa Knock, lotalika pafupifupi mamita 280. Njira yake imadutsa m'nkhalango, ndipo tinakwera pang'onopang'ono, tikupumira. Pamwamba, chigwa chonse cha Earn chinali pansi pathu, minda ndi nkhosa, ndipo kumpoto mapiri atandandalika mpaka kumene maso amalekezera. Mafoni anali m'zikwama kuyambira m'mawa. Panalibe belu la wodwala, panalibe uthenga wopempha kuti wina abwere kudzagwira shifiti ya mnzake. Kukweraku sitinalipire kalikonse, koma pobwerera tonse tinavomerezana kuti ndi kumene kunatitsitsimula kwambiri.

M'galimoto tinayesa kuwerengera chimene ndalama yathu inagula. Madzi otentha ali m'nyumba zathu. Mapiri ndi aulere. Chimene tinagula kwenikweni ndi tsiku lathunthu lomwe palibe amene akanatiitana, ndipo ambiri mwa ife tsiku lotero tinali tisanalionepo chifikire m'dziko lino. Ndalamayo sinapite pachabe. Mayi amene msana wake wafika poti sangagwirenso ntchito satumiza fizi kapena feteleza, ndipo abale amene timawaopera ndalama ndi omwewo amene amadalira thanzi lathu. Komabe ulendo umodzi pachaka sungabweze tulo tomwe munthu wataya miyezi 12. Phindu lake ndi kukumbutsa thupi mmene kupuma kumamvekera, kuti munthu akakufunefune kunyumba.

Zambiri za ku Crieff zimatheka ndi ndowa, kaya muli ku Glasgow, ku Johannesburg kapena ku Ntcheu. Thirani madzi otentha m'beseni, oti chigongono chipirire, n'kuviikamo mapazi mpaka mu akakolo kwa mphindi 15 kapena 20, nsalu yozizira ili pamphumi. Pomaliza tsirani mapaziwo madzi ozizira, pukutani bwino pakati pa zala, valani sokosi n'kugona. Msana wotopa uthoweni monga ankachitira amayi athu: tawulo loviika m'madzi otentha, lofinya bwino, loyala pamwamba pa nsalu youma kuti khungu lisapse. Odwala shuga ndi onse amene mapazi awo achita dzanzi asaviike m'madzi otentha, pakuti akhoza kupsa osamva. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima ayambe afunsa kuchipatala.

M'gulu lathu tagwirizana kuti madzulo amodzi pamwezi tizikumana kunyumba kwa mmodzi wa ife, aliyense ndi beseni lake ndi tawulo, mafoni atazimitsidwa. Ana ndi abambo tawauza kale kuti tsiku limenelo nsima aziphika okha.