Matumba a Mpweya ndi Sikelo ya pa Chipata cha Mwanza

Msewu wa M6, umene umapatuka pa Zalewa n'kukwera zitunda za Mwanza mpaka pa chipata choyang'anizana ndi Zobue m'dziko la Mozambique, wakhala ukusenza gawo lalikulu la katundu wolowa ndi wotuluka m'Malawi, popeza ndi m'menemo mumadzera feteleza ndi mafuta ochokera ku doko la Beira, komanso katundu wa ku Durban ndi ku Johannesburg wodutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi ku Tete. Amene anakulira m'boma la Mwanza m'zaka za m'ma 1980, monga mlembi wa nkhani ino, amakumbukira malole akudikira kuti ayende mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992. Pali kusintha kwina kumene anthu sakutchula kawirikawiri ngakhale kuti kukukhudza msewu, chuma ndi miyoyo, ndipo kunachitikira pansi pa galimoto, pakati pa chesisi ndi matayala.

Malole a nthawi imeneyo ankakhazikika pa masipuling'i, omwe ndi zitsulo zazitali zopindika zosanjikizidwa pamodzi n'kumangirira pa ekiselo, ndiye kuti chitsulo chopingasa chimene chimagwira matayala. Katundu akachuluka zitsulozo zinkawongoka, lole inkawerama chakumbuyo, ndipo ngakhale mwana wogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu ankatha kuona kuti galimoto yasenza mopyola muyeso. Chitsulo chimodzi chikathyoka, makaniko wa pa Mwanza ankachichotsa n'kuikapo cha lole ina yakufa, ulendo n'kupitirira tsiku lomwelo.

Mathiraki ambiri a ku Ulaya ndi ku America amene akufola pa chipatachi lero, monga Volvo, Scania ndi Freightliner, ali m'zigawo ziwiri: hosi, yomwe ndi mutu wokhala ndi injini, ndi ngolo yonyamula katundu. Ziwirizi zimakumana pa fifth wheel, chimbale chachitsulo chopakidwa girizi chokhala pamsana pa hosi, chimene chimakola chikhomo cha ngolo chotchedwa kingpin, ndipo kulemera konse kwa kutsogolo kwa ngolo kumatsamira pamenepo. M'malo mwa masipuling'i, pansi pake pamakhala matumba a rabala yolimba odzadzidwa ndi mpweya wochokera mu kompuresa yomwe imadyetsanso mabuleki. Pakati pa chesisi ndi ekiselo pali valavu yokhala ndi kamkono, imene imalowetsa mpweya chesisi ikatsika ndi kuutulutsa chesisi ikakwera, kotero kuti thiraki yopanda kanthu ndi thiraki yodzadza ndi matumba a feteleza zimaima msinkhu umodzi. M'mathiraki atsopano ntchito imeneyi yatengedwa ndi kompyuta, ndipo dalaivala amatha kutsitsa hosi ndi kabatani pofuna kulowa pansi pa ngolo.

Apa ndi pamene pagona chinthu chimene ambiri amachimva mozondoka. Funso lakuti m'matumba muyenera kukhala mpweya wochuluka bwanji lilibe yankho limodzi, chifukwa chimene makaniko amatchera ndi msinkhu wa chesisi umene opanga galimoto analamula, pamene mphamvu ya mpweya imangotsatira katundu: akalemera imakwera, akapepuka imatsika. Ku North America, kumene mabanja amakoka nyumba zoyenda nazo pa fifth wheel yomangidwa m'bodi ya pikapu, eni ake amapopa okha matumba othandizira a Firestone kapena Air Lift, ndipo nawonso lamulo lake ndi lomwelo, lakuti ayeze msinkhu galimoto isanakole ngolo, kenako awonjezere mpweya pang'onopang'ono mpaka itabwerera pafupi ndi msinkhu womwewo, podziwa kuti matumbawo sawonjezera kulemera kumene ekiselo, matayala ndi mabuleki zinapangidwira. Msinkhu ukalakwika, propshaft, chitsulo chopititsa mphamvu ya injini ku matayala, imazungulira mopendekeka n'kudya mfundo zake, matayala amatha mbali imodzi, ndipo thumba lenilenilo limapinidwa kapena kukokedwa mpaka kung'ambika.

Ubwino wa matumbawa ndi woonekeratu, pakuti katundu wosachedwa kusweka amafika wamphumphu ndipo msana wa dalaivala umapumulako. Chodetsa nkhawa n'chakuti anachotsa umboni umene maso ankadalira. Thiraki yopyola muyeso ndi matani angapo imaima chilili ngati yosalakwa, ndipo mlandu wake umakaululika pa sikelo yokha, pomwe muyeso wogwirizana m'mayiko a SADC ndi matani 56 pa galimoto yonse, matani 18 pa maekiselo awiri ogundizana ndi matani 24 pa maekiselo atatu. Manambala amenewa sanangolotedwa. Kafukufuku wa misewu wa bungwe la AASHO amene anachitika ku Illinois m'dziko la America kuyambira 1958 mpaka 1960 anaonetsa kuti kulemera kwa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti matani ochepa owonjezera amene mwini thiraki amawaona ngati phindu amalipiridwa ndi mlimi wa ku Thambani kapena wa kwa Kunenekude amene zokolola zake zimayenda pa phula lokumbika.

Komabe umboniwo sunatheretu. Unangosamukira pa geji yoonetsa mphamvu ya mpweya wa m'matumba. Popeza mphamvu ya mpweya imayenderana ndi kulemera, dalaivala amene analemba zimene geji inaonetsa tsiku limene thiraki yake inadutsa bwino pa sikelo ali ndi sikelo yakeyake, ndipo angathe kukana katundu wowonjezera akadali ku Beira, kapena kusuntha fifth wheel kuti kulemera kugawike bwino pakati pa ekiselo ya chiwongolero ndi maekiselo a pambuyo. N'zomvetsa chisoni kuti nzeru yomweyi ena amaigwiritsa ntchito popinda kamkono ka valavu kuti kulemera kuthawire pa ekiselo ina pa nthawi yoyezedwa. Mchitidwewu ndi woopsa kuposa mmene ochitawo amaganizira, chifukwa pa mathiraki ndi ngolo zambiri za mtundu umenewu mabuleki amadziwira kulemera kwa katundu pa mpweya wa m'matumba omwewo, ndipo amene wanamiza valavu wanamizanso mabuleki amene adzawadalire potsetsereka kulowera ku mtsinje wa Shire.

Kusinthaku sikunayende njira imodzi. Mathiraki a ku China monga Howo, FAW ndi Shacman, amene achuluka m'zaka zaposachedwapa, ambiri amabwera ndi masipuling'i, ndipo eni ake amawakonda pa chifukwa chomveka chakuti chitsulo chimakonzedwa paliponse, pamene thumba likaphulika thiraki imagona kudikira lina. Mitundu iwiriyi ipitiriza kuyendera limodzi pa M6. Choncho amene amaphunzitsa madalaivala ndi amakaniko ayenera kuika kutchera msinkhu ndi kuwerenga geji ya matumba pa mndandanda umodzi ndi mabuleki ndi matayala, ndipo eni mathiraki asalange dalaivala amene wakana katundu chifukwa cha zimene geji yamuonetsa.