Pa Doko la ku Malindi Mwera Ukuwomba

Tinawoloka mlatho wa pa Shire ku Mangochi m'mamawa, ndi kulowera kumpoto pa msewu wa ku Makanjira. Unali mwezi wa Julaye, mwera utakalipa masiku atatu. Pofika ku Malindi tinapeza mabwato onse ali pamtunda, mathandala a usipa ali opanda kanthu. Asodzi amadana nawo mwera chifukwa suwapatsa ndalama. Koma ana awo amaukonda zedi, pakuti ndiyo nyengo imene bambo amagona pakhomo m'malo mochezera pa nyanja ndi nyali.

Pansi pa mtengo wa mango bambo wina ankasoka chilimila, mwana wake wa zaka ngati 7 atagwira mbali ina ya ukondewo. Mwanayo anamanga mfundo molakwika. Ife tinadikira khofi, kapena mawu aja timawadziwa tonsefe. Bamboyo anangomasula mfundoyo pang'onopang'ono, nati, "Taona, chingwe chidutse apa. Bwerezanso." Kenaka mwanayo anayamba nkhani yaitali ya mnzake amene anamulanda pensulo kusukulu, nkhani yopanda mutu weniweni. Bamboyo anaika singano pabondo, namvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Nanga iwe unatani?" Ukondewo unadikira.

Zimenezi zinatilasa mumtima, abale. Ife timaphunzitsa ana a anthu ku madrasa, ndipo timadziwa kuwauza kuti akhale chete. Kuwamvetsera ndiye kumativuta. Pa ulendowu tinali ndi mwana wathu wamkazi. M'galimoto anatikoka malaya kangapo, "Ababa, Ababa," ife maso ali pa foni, tikungoyankha kuti "Dikira kaye."

M'makomo ambiri kuno kunyanja bambo ali ku Joni, ndipo ana amangowadziwira pa foni ndi pa ndalama zotumiza. Sitikuwadzudzula ayi, umphawi ndiwo unawapititsa kumeneko. Koma enafe timagona nyumba imodzi ndi ana athu, komabe a ku Joniwo amacheza nawo ana awo kutiposa.

Titaswali Asr pa mzikiti wa pafupi, tinakhala pamchenga, foni ili m'thumba, ndi kumufunsa mwana uja chimene ankatiitanira m'mawa.

Anayang'ana mafunde kanthawi, nati, "Kunali mvuu pa mlatho paja, Ababa. Koma tinadutsa kale."