Nsangalabwi za m'Linthipe zinakwiririka

Chisanu chikatha kuno kumapiri a Dedza, mwera utaleka kuluma m'makutu, mitengo ya mombo ndi tsamba n'kuyamba kuphukira masamba ofiira psuu m'matsitso onse a Chongoni, akuluakulu ankadziwa kuti nyengo ya mbedza yakwana. Chimanga chinali chili m'nkhokwe, malupsa akufuka m'madambo, makasu akupumula mvula ya chizimalupsa isanagwe, ndipo mtsinje wa Linthipe, umene m'dzinja unkalusa osawolokeka, unali utaphwera n'kusiya magombe a nsangalabwi tsidya lino ndi tsidya lina, miyala yobulungira yosalala, ina yoyera, ina yotuwa, ina ya mizeremizere, imene inkalira wayawaya munthu akaponda. Inu adzukulu anga mumaudziwa mtsinjewu poyang'ana pazenera la minibasi mukamadutsa pamlatho wa msewu wa M1, mumaona madzi a katondo akukwawa pakati pa mchenga, ndiye mumati Linthipe ndi ameneyu. Ayi, ana inu. Amene ndikunena ine ndi mtsinje umene munthu ankawerenga miyala ya pansi ataima m'madzi olekeza m'chiuno.

Zida zowedzera sitinkagula. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anandiphunzitsa kupota chingwe: ankasenda khungwa la bwazi, kulinyika, kulipala mpaka luzi lake litayera, kenaka n'kukhala pakhonde kumapota pantchafu ndi chikhatho, akulavulira pang'ono kuti ulusi ugwirane, ntchafu mpaka kutha ubweya. Bwazi akasowa ankapota khonje. Mbedza ankasula ndi sipoko ya njinga, kuiwotcha pamakala, kuipinda, n'kuinola pamwala mpaka ikodole pachikhadabo. Ndodo inali kansungwi kowongoledwa pamoto. Koma chimene ankachitira mwambo kwambiri chinali kusankha mwala womiza nyambo. Ankayenda pagombe chowerama, kutola nsangalabwi iyi, kuigwedeza m'dzanja, kuitaya, kutola ina, kufunafuna yokhala ndi kachiuno pakati poti chingwe chigwire osapulumuka, yolemera mongokwanira kuti nyongolotsi ikhale pansi madzi asaikokolole. Akaipeza ankaiika m'kamwa kaye pamene manja akumanga mfundo, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtsinje uja lilime langa limamva kuzizira kwa mwala ndi kafungo ka ndere.

Pagombe la nsangalabwi sayendapo mwaphuma. Mwala umodzi ukagubuduka, nsomba zonse za padziwe zamva. Tinkafika kusanache, mame akadali pansenjere, n'kumaponda pang'onopang'ono ndi mapazi opanda nsapato, kukhala pansi pamalo poti chithunzithunzi chisagwere m'madzi, ndipo mwana akatsokomola ankangomuyang'ana ndi diso, osamuyankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero atsibweni tikabwerera kumudzi, pakuti kumtsinje sankataya mawu. Dzuwa likamatuluka kuseri kwa mapiri, matemba ankayamba kunyezimira m'madzi osaya, nkhanu zikusuzumira pansi pa miyala, ndipo m'maiwe akuya, m'mizu ya mikuyu ndi katope, munkagona milamba ya ndevu zake imene inkakoka chingwe mpaka kucheka chala. Pofika dzuwa paliwombo miyala inkatentha yosapondeka, ndiye tinkatumbula nsomba pomwepo, kuzitunga pakaluzi m'makha, n'kuziphimba ndi masamba a chiwale.

Zimenezo zinali nsomba za ana. Nsomba ya amuna inali mpasa, ndipo mpasa ankautsikira. Phiri la Dedza latalika mamita 2,198, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, choncho ulendo wake unali wotsetsereka wokhawokha, maondo akunjenjemera, kutsata mtsinje kudzera m'nkhalango zimene Linthipe amalekanitsa, Thuma kumpoto, matsitso a Dedza ndi Salima kumwera, mmene njovu zinkasiya ndowe zofuka nthunzi panjira. Tinkasenza ufa, nyemba ndi kachewere wakwathu kuno, pakuti kuchigwa sabereka, ndipo mlendo wobwera ndi kachewere sankagona panja. Kumene mtsinje umatuluka m'mapiri n'kuyamba kuyenda mofatsa pamiyala ing'onoing'ono, kumeneko n'kumene tinkaupeza mpasa. Nsombayi ndi ya m'nyanja, koma pobereka imakwera mitsinje monga Bua, Dwangwa ndi Linthipe, kuyambira kumapeto kwa mvula mpaka m'chilimwe, kufunafuna madzi oyera othamanga pansangalabwi. Ndinauona ndi maso angawa, thupi lasiliva lotalika kuposa mkono wa mwana, ukupukusa mchira pamiyala, madzi akuchita thovu, mazira n'kumalowa m'mipata ya nsangalabwi mmene madzi amapitamo osaleka ndipo adani saafikira. Pamodzi nawo pankakwera sanjika, mng'ono wake. Mafuta a mpasa akamadontha pamoto wowambira, fungo lake linkamveka tsidya la mtsinje, ndipo nsima ya tsiku limenelo sinkafuna nsinjiro.

Eni dera ankatchinga mtsinje ndi mipanda ya bango n'kutchera miono, koma pakati ankasiya mpata woti zina zipite zikabereke, ndipo wotseka mpatawo ankakayankha kubwalo kwa mfumu. Pamene nsomba zikuikira mazira sitinkapondapo. Katupe analipo, sindikana, koma sankathira m'madzi oyenda. Ankathira m'thamanda loduka lomwe likanauma ndithu, mfumu italola, mudzi wonse ulipo. M'mphepete mwa mtsinje khasu silinkafika. Bango, nsenjere, mikuyu, mbawa, zonsezo zinkasiyidwa, ndipo palibe ankafunsa chifukwa, pakuti mwana wobadwa m'mudzi ankakula akudziwa kuti kumadzi kuli eni ake. Masiku ano mukamva zotere mumati ndi zikhulupiriro za anthu osaphunzira, tsabola wakale sawawa. Koma anthu osaphunzirawo anatisiyira mtsinje wodzaza.

Ena tinkapitirira mpaka kunyanja, kumagombe a cha ku Chipoka ndi kumunsi kwa Mtakataka kwa a Kachindamoto. Njanji inali itafika kale ku Salima mu 1935, kudzera ku Golomoti ndi Mtakataka, koma ife a kumapiri sitima tinkangoimva kulira, ulendo wathu unali wa mapazi. Mwezi wa Seputembala nyanja imagona, mwera utatopa, mpoto usanayambe, ndiye m'bandakucha bwato linkazungulira ndi khoka, zingwe ziwiri n'kubwera kumtunda, ndipo aliyense wopezeka pagombe, mwini mudzi kapena mlendo, ankagwira chingwe n'kumakoka chobwerera m'mbuyo, zidendene zikulowa mumchenga wozizira. Khoka la masiku amenewo linali la maso aakulu, lolukidwa ndi bwazi, kenaka ndi ulusi wosolola m'matayala akutha a galimoto, ndipo kansomba kakang'ono kankadutsa m'maso mwake n'kubwerera kukakula. Likafika kumtunda munkakhala chambo chonenepa, kampango, ndi ntchila zochuluka zoti amayi ankatopa kupala mamba. Wogwira chingwe aliyense ankapatsidwa zake, nkhalamba yosatha kukoka inkapatsidwanso, mkazi wamasiye osaiwalika, pakuti kupatsa n'kuika. M'chaka cha njala ya 1949, ndili kamnyamata, nsomba zouma zochokera kuchigwa zinkasinthanitsidwa ndi kalikonse kamene munthu anali nako, ndipo mabanja ambiri anaona mvula yotsatira chifukwa cha nyanja imeneyo.

Yoyamba kutichoka inali ntchila. Nayonso inkakwera mitsinje madzi oyamba akasefukira, ndipo maukonde a nayiloni atabwera m'zaka za m'ma 1950, osawola, osafuna kuyanika tsiku ndi tsiku, anthu anayamba kuwatchera pamathiriro penipeni, kugwira nsomba zamazira zisanalowe n'komwe mumtsinje. Pofika m'ma 1960 ntchila inali itasanduka nkhani yosimba. Mwana wa lero ukamutchulira dzinali amayesa ndi mtengo.

Koma chimene chimandiwawa koposa, chimene chimandilanda tulo nkhuku zisanalire, n'chakuti imfa ya mpasa inachokera kuno kumtunda. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzinda unayamba kudya nkhuni ndi makala, ndipo mapiri amene ankavala mombo anavulidwa limodzilimodzi, njinga zikutsika ndi matumba usiku ndi usana. Minda inakwera m'matsitso mmene kale munkangoyenda anyani. Madimba a tomato, kabichi ndi kachewere anatsika mpaka kukhudza madzi, bango linatenthedwa, mikuyu inagwetsedwa kuti isachite mthunzi pambewu. Tsono mvula ikagwa palibe choigwira: imakokolola dothi lofiira la m'minda yathu n'kukalitsanulira mu Linthipe, m'Diamphwe, m'timitsinje tonse, ndipo dothilo limakakhazikika pansangalabwi paja, kumata mipata yonse monga phala lozizira limamatira pansi pa mphika. Mpasa ukakwera, ngati watsala wokwera, umapeza thope. Mazira ake amafuna madzi opita pakati pa miyala kuti apume, ndiye m'thope amangofa osaswa. Msodzi wa ku Salima amadandaula kuti nyanja yauma, osadziwa kuti nsomba yake inafera m'munda wa munthu wa ku Dedza amene sanagwirepo nkhafi chibadwire. Ndipo mtsinje umene unkayenda chaka chonse tsopano umalusa masiku ochepa m'dzinja, kugumula milatho ndi minda, pofika Okutobala n'kungotsala timadzi tofunda tonunkha ndowe za ng'ombe.

Kunyanja nako kwasanduka kwina. Neti zimene a zaumoyo amagawa kuti ana asalumidwe ndi udzudzu zasokedwa kukhala makoka, zimakokolola ndi mazira omwe, ndipo kasawala, mwana wa chambo amene kale msodzi ankachita manyazi kumuonetsa, lero ali pathandala poyera, akugulitsidwa pamulu. Wogwira chingwe sapatsidwanso kanthu, nsomba imakhala ndi mwini isanatuluke m'madzi, wogula ataimirira ndi foni m'manja. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pamndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, ndipo ndinamva chisoni kuti zafika poti alendo akutali ndiwo akutiwerengera maliro a ndiwo zathu. Lamulo lilipo, la 1997 loteteza nsomba, makomiti a m'magombe aliponso, nyengo yotseka nyanja imalengezedwa chaka ndi chaka kuyambira pa 1 Novembala. Koma lamulo la papepala limagona ofesi ikatsekedwa, pamene lamulo la kale linkagona m'mimba mwa munthu aliyense, ngakhale ali yekha pamtsinje usiku.

Achinyamata ophunzira amandiuza kuti agogo, vuto ndi kuchuluka kwa anthu, pakalembera wa 1966 tinalipo 4 miliyoni, pa wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni, nsomba zingakwane bwanji. Ndimawamva, njala ndi chilombo, ndipo mayi amene akusefa matemba ndi neti sindingamutukwane, ana ake akulira. Komatu pitani ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kwa a Makanjira. Kumeneko kuyambira m'ma 1950 mafumu amatseka usodzi mvula ikayamba cha mu Disembala, asodzi onse n'kuchoka pachilumba mpaka mu Epulo, ndipo potsegula pamakhala mwambo, mowa suloledwa, zida zosayenera siziloledwa, wolakwa amathamangitsidwa. Anthu achuluka kumenekonso, koma utaka wa ku Mbenji ukadali waukulu, ndipo akatswiri a zansomba amapita kukaphunzira kwa mafumu aja. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife kuno tinali nawo malamulo otero a mtsinje, a mpata wa pampanda, a bango la m'mphepete, ndipo sanatilande ndi munthu. Anangoleka kunenedwa, eni kuwanena atapita kumanda mmodzimmodzi.

Pamsika wa Linthipe lero ndiwo ya nsomba ndi bonya, timiyulu tating'ono tofuna ndalama yoti kale ukanagula mbuzi, ndi karapao wa m'makatoni wolowera kuchipata cha Dedza, nsomba ya m'nyanja yamchere imene imafika itauma gwa ndi chisanu, yopanda fungo la kwathu. Adzukulu anga amaikonda, poti sanalawepo mpasa wowamba ndi nkhuni za mombo. Mbedza za m'sitolo zilipo zambiri, zonyezimira, ndi twaini wosaduka, koma mnyamata akakhala tsiku lonse pamtsinje amabwera ndi timatemba tosadzaza chikhatho. Ndipo pamene nsangalabwi zatsalako, pamene thope silinafike, pafika malole. Anyamata amazifukula ndi mafosholo pamodzi ndi mchenga, kuziunjika m'mbali mwa msewu, kuziphwanya ndi hamala, n'kumagulitsa pawilibala kwa omanga nyumba m'tauni.