Maso a Dzanja

Ndifuna kukusimbirani cinthu cimene ndinaphunzira m'cigafa ca fodya kwathu kuno kwa Kapelula.

Mwana wa mlongo wanga anadza kudzakhala nane, ndipo pa nyengo yosoka fodya ndinamkhazika pambali, ndi kuti, "Mphwanga, penya kokha, ungang'ambe masamba." Anapenya masiku ambiri. Koma tsiku limene ndinampatsa singano ndi cingwe, dzanja lace linaphonyaphonya tsinde la tsamba, ndipo ndinampsera mtima, ndi kumuyesa waulesi. Iye anati, "Atsibweni, maso anga adziwa, koma manja akana."

Mau amenewa anandibvuta, kufikira ndinawerenga za anzeru awiri a ku America, Richard Held ndi Alan Hein, amene m'caka ca 1963 anasimba za ana a mphaka oleredwa mumdima. Powaika poyera, mmodzi anayenda ndi miyendo yace, mnzace ananyamulidwa m'kabokosi, ndipo onse awiri anaona zomwezo. Koma woyenda yekhayo ndiye anadziwa kupewa phompho. Wonyamulidwayo anacita ngati wakhungu, kufikira anamlola kuyenda.

Ndiponso m'caka ca 1992 Melvyn Goodale ndi David Milner analemba kuti zimene maso aona zitsata njira ziwiri mu ubongo. Ina itsikira kumbali kwa mutu, ndiyo itiuza cimene tiri kuona. Inzace ikwera pamwamba, ndiyo itsogolera dzanja. Iwo anayesa mai wina amene mpweya woipa, wonga wa makala, unamuononga njira yoyambayo m'caka ca 1988. Pomuonetsa kamwa lopapatiza, longa la bokosi la makalata, sanathe kunena ngati laimirira kapena lagona. Koma pompatsa kapepala, anakalowetsa bwino osaphonya. Taonani, dzanja linaona cimene mwini wace sanacizindikire!

Pamenepo ndinacita manyazi, pakuti ndine amene ndinamnyamula mwanayo m'kabokosi. Caka cinzace ndinampatsa masamba a pansi, osapita ku okushoni ya ku Chinkhoma, kuti ang'ambe monga afuna; ndipo usanathe mwezi anasoka mondiposa.

Tsono inu makolo anzanga, musamangoti kwa ana, "Khala apo, upenye." Apatseni khasu, munsi ndi singano, ngakhale aonongeko pang'ono, pakuti kutaya masamba khumi kuli bwino koposa kulera mwana wa maso openya ndi manja akhungu.