Kanyumba ka Malonda ku Bagamoyo

Ife amene tinabadwira kutali ndi nyanja yamcere, tikaiona koyamba timasowa conena. Ndi mmene zinaticitikira ku Bagamoyo, tauni yaing'ono ya m'dziko la Tanzania, pafupifupi makilomita 70 kumpoto kwa Dar es Salaam. Tinali titangopuma pa nchito, tindalama ta penshoni tiri ku banki, ndipo tinakwera sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi kuti tikaone malo amene mtembo wa David Livingstone unagona mu February 1874, Susi, Chuma ndi anzao ataunyamula kucokera kwa Chitambo. Nsanja ya chalichi cimene anaugonekamo idakalipo pa mishoni imene ansembe a Mzimu Woyera anatsegula mu 1868. Za kugula nyumba sitinaziganize n'komwe.

Tsiku laciwiri, popita kumsika wa nsomba, tinaona kuti pa makoma ena padalembedwa mau a Ciswahili akuti "Nyumba hii haiuzwi." Mnyamata amene anali kutitanthauzira anati eni ace amalemba motero poopa akathyali amene amagulitsa nyumba za eni kwa alendo. Tsono pa kanjira kena kamcenga tinapeza kanyumba kamene mau ace anali osiyana: "Inauzwa," ndiye kuti nja malonda.

Kanali ka zipinda ziwiri ndi khonde la mwala lokhalapo madzulo. Makoma ace ndi a miyala ya m'nyanja yomata ndi njereza, ocindikala kotero kuti masana dzuwa liri phwee, m'kati mumakhala mozizira ngati m'mtsuko. Zipindazo n'zazitali koma zopapatiza, cifukwa amisiri akale anali kupingasa denga ndi mitengo yomera m'madzi amcere, ndipo cipinda sicingakule kupitirira utali wa mtengowo. Citseko ndico cinatigwira mtima: cathabwa lolemera, cosemedwa maluwa m'mbali monse. Kuseri kunali citsime, mitengo itatu ya kokonati, ndi kampata koonera ngalawa za matanga zikubwera m'mawa. Malata okha ndiwo anali atadyeka ndi dzimbiri. Mphepo yamcere siimvera cisoni citsulo.

Mwini wace anali mai wamasiye wacikulire. Anatiyalira mphasa, natipatsa tiyi wa zonunkhira.

"Amai, nyumba yabwino cotere mugulitsiranji?" tinafunsa.

"Ana anga onse ali ku Dar es Salaam," iwo anayankha. "Denga likudontha, ine maondo atha. Ndikadwala usiku, adzanditengera ndani kucipatala?"

Nkhani yao ndi nkhani ya tauni yonse. Bagamoyo linali doko lochuka la minyanga ndi akapolo, ndiponso likulu la Ajeremani, kufikira mu 1891 pamene boma linasamukira ku Dar es Salaam. Njanji itayambira komweko mu 1905, amalonda nawonso anatsatira, ndipo kucokera nthawi imeneyo acinyamata akhala akuloza njira yomweyo. Mu 2013 kunasainidwa pangano lomanga doko lalikulu pafupi ndi tauniyi, koma nchito inacedwa zaka zambiri, ndipo maiwo anati iwo sangadikire sitima zimene sanazione.

Tisabise, usiku umenewo sitinagone. Tinawerenga ndalama zathu kawiri, tinakonza kale pamene tidzaike bedi ndi pamene adzukulu adzagone akabwera pa chuthi. Mmodzi wa ife anafunsa kuti, "Nanga tikafa kuno, adzatiike ndani? Abale a ku Chipata adzafika maliro atatha." Funsolo linangotsala m'malere.

Cimene cinathetsa nkhani ndi lamulo. M'mawa mwace tinauzidwa kuti ku Tanzania nthaka yonse iri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo lamulo la za malo la 1999 silola mlendo kupatsidwa malo pokhapokha ngati ndi a bizinesi yovomerezedwa ndi boma. Munthu wina anatinong'oneza kuti tingathe kulembetsa nyumbayo m'dzina la mwana wa m'dzikomo. Tinakumbukira makoma aja olembedwa "haiuzwi," ndipo tinakana.

Tinabwerera kukatsazika. Maiwo sanakhumudwe, anati kwabwera kale anthu ena ofuna kugwetsa kanyumbako kuti amangepo nyumba ya alendo, ndipo citseko adzacigulitsa pacokha. Anatuma mdzukulu kukwera mumtengo, natipatsa makokonati awiri a paulendo. Limodzi tinamwa pa Mbeya, linalo tinafika nalo kwathu.